Galimoto imene mwana anaikana ku Kanyama

Pa 17 Epulo 2023, Pulezidenti wa Zambia Hakainde Hichilema anasaina lamulo lolola anthu apantchito kutapako magawo 20 pa 100 a ndalama zimene akhala akusonkha ku bungwe la penshoni la NAPSA, asanafike popuma ntchito. Aliyense amene anasonkha kwa miyezi 60, kapena amene wakwanitsa zaka 45, anapatsidwa mwayiwu, koma kamodzi kokha. Masabata otsatirawo, m'maminibasi ndi m'misika ya Lusaka nkhani inali yomweyi. Ena anagula malata, ena anabweza ngongole, ena anadyerera. Panalinso makolo amene atangoona uthenga wa ndalama pafoni, mtima unathamangira kwa ana awo, ana akuluakulu okhala kale ndi mabanja awoawo.

Mmodzi mwa makolo otere ndi bambo wina wa ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, wa zaka zopitirira 50, amene wagwira ntchito pafakitale moyo wake wonse. Mwana wawo wachisamba amagulitsa m'sitolo ya zipangizo zomangira ku Kamwala, ndipo amachita lendi ku Chawama ndi mkazi wake ndi ana awiri. Lamlungu lina atatuluka kutchalitchi, bamboyo anaitanitsa mwanayo, namuuza kuti akufuna kumugulira galimoto, Toyota Vitz yogwirapo kale ntchito, mwa zija zimachokera ku Japan n'kudzalowera pa Nakonde. Aziyendetsa ngati takisi ya Yango, asiye kuimirira tsiku lonse kuseri kwa kauntala ya munthu wina.

Mwanayo anafunsa chinthu chimodzi: ndalama za NAPSA zikwana? Sizikanakwana. Zotsalazo bamboyo anati atenga ngongole ya kaloba, chikole chake chidzakhala mapepala a nyumba.

Apa m'pamene mwanayo anatsika pampando, nagwada, nati: "Atate, ndathokoza ndi mtima wonse, koma motoka iyi sindingailandire."

Kuti munthu amvetse yankho limeneli ayenera kuiona nyumbayo. Ndi ya mabuloko, ya zitseko zisanu zoyang'ana pabwalo limodzi. Ziwiri akukhalamo eni ake, zitatu ndi za alendi. Pakhoma lakunja pali mzere wofiirira wofika m'mawondo, pamene madzi a mvula anafika. Kanyama anamangidwa pamalo athyathyathya, pansi pake pali thanthwe ndipo madzi a pansi ali pafupi, kotero mvula ikalimbika madzi alibe kolowera. Kusefukira kwa 1978 akuluakulu amakukumbukirabe, koma ndi zaka zochepa zimene zimapita anthu osaponda pamiyala ndi matumba a mchenga pochoka pakhomo. Chimbudzi chokumba chikadzaza, zonyansa zimasakanikirana ndi madzi a m'zitsime. Kolera ya 2017 mpaka 2018 inakantha Kanyama kwambiri moti mu Januwale 2018 boma linaletsa anthu kuyenda usiku m'komboniyi. Mu Januwale 2024 odwala anagonekedwa mpaka m'bwalo la masewera la National Heroes Stadium.

Nyumba yovutika choncho ndiyo penshoni yeniyeni ya makolowo. Ya ku NAPSA idzabwera, koma idzabwera yochepa chifukwa atapako kale. Zitseko zitatu zija ndi zimene zidzagule ufa, makala ndi mankhwala a BP bamboyo akadzasiya kudzuka m'mamawa kupita kufakitale. Chiwongoladzanja cha kaloba chimawerengedwa pamwezi, ndipo wobwereketsa samva zoti galimoto yafa injini kapena ili m'manja mwa apolisi. Mwanayo anaona kuti mphatsoyo ikanatha kusiya amayi ake panja.

Bamboyo anamva zina. Anadzuka osadya nsima, natuluka. Kwa abale awo anati mwana wawakana, wayamba kudziona ngati wamkulu, mwina mkazi wake ndiye wamuuza zochita. Kwa milungu ingapo foni ya mwanayo sinkayankhidwa.

Sindikufuna kuwaweruza msanga bambo amenewa. Tinaleredwa kuti wamkulu akakupatsa chinthu umalandira ndi manja awiri, ndipo ngakhale chikhale chaching'ono suchiyang'ana kawiri. Kubweza chimene kholo lapereka kumamveka ngati kubweza dalitso. Koposa apo, amuna ambiri a m'makomboni analera ana awo m'zaka zowawa, pamene makampani a boma ankagulitsidwa m'ma 1990 ndipo ntchito zinkatha ngati masewera. Anathamangitsidwira ana kunyumba chifukwa cha fizi, analonjeza nsapato za Khirisimasi zimene sizinabwere. Tsono tsiku lina, kwa nthawi yoyamba, munthu ali ndi ndalama zambiri pakamodzi. Akufuna kupereka chinthu chimene anansi angachione chitaima pakhomo, n'kunena kuti uyu anagulira mwana wake. Mwana sakulira nakubala, amatero akuluakulu, ndipo kholo silisiya kufuna kukhala kholo chifukwa choti mwana wamera ndevu.

Komabe ndikuona kuti mwanayo anachita bwino, ndipo kukanako kunamutayitsa zambiri. Galimotoyo ankaifuna. Ndani amene angakonde kuthamangira minibasi mumsewu wa Los Angeles mvula ili pamutu? Ana ambiri amalandira, amathokoza, kenako nyumba ikalandidwa amayamba kufunsana kuti adzasunga makolo ndani. Mwambi woti kupatsa n'kuika umanena zoona, koma kholo likaika zonse mwa mwana mmodzi, mwanayo amasenza mtolo umene sanauyeze kulemera kwake. Bizinesi ikagwa, sangathenso kuyang'ana atate ake m'maso.

Palinso abale. Mwanayu ali ndi azing'ono ake ndi alongo ake. Lamulo la Intestate Succession Act la 1989 limati munthu akamwalira osasiya wilo, ana onse amagawana magawo 50 pa 100 a chuma, mkazi kapena mwamuna wotsala amatenga 20, makolo a womwalirayo 20, ndipo odalira ena 10. Lamulo limagawa zimene zatsala, koma anthu pamaliro amawerenga ndi zimene zinapita. Amene analandira galimoto amauzidwa kuti anadya kale gawo lake, ndipo ngati nyumba inapita chifukwa cha galimotoyo, udani wake umafika mpaka kwa zidzukulu.

Si kukana konse kumene kuli kwabwino. Pali ana amene amakana mphatso chifukwa safuna kuti mawa kholo lidzawapemphe kanthu, ndipo amachitcha kudziimira paokha. Palinso amene amakana mwachipongwe, akunyoza mtundu wa foni kapena wa sofa imene mayi wawo wasonkhera chilimba miyezi yambiri. Ndipo kholo limene lili nazo zokwanira, limene silikugwira nyumba kapena kaloba, lisalandidwe chimwemwe chopatsa. Chofunika kufunsa ndi kumene ndalamayo yachokera, ndi chimene chidzatsale m'nyumba ya woperekayo.

Nkhani ya ku Kanyamayi anaikonza ndi amayi. Sanatsutse amuna awo pamaso pa ana. Anatuma uthenga kwa alamu awo, akulu ake a bamboyo, kuti abwere adzamve mbali zonse. Pamsonkhanowo mwanayo sananenenso za kukana. Anapempha. Anati ngati atate akufuna kumuthandiza, amulipirire sukulu yoyendetsa galimoto ndi laisensi, kuti Loweruka madzulo ndi Lamlungu azigwirako takisi ya mnzake. Ndalama zotsalazo zikonze pakhomo: akweze pansi pa zipinda za alendi, amange chimbudzi chomangira mkati ngati zimene kampani ya madzi ya Lusaka yakhala ikulimbikitsa ku Kanyama, ku Chawama ndi ku George, zija zimapopedwa zikadzaza. Ananenanso kuti iyeyo azibwera kudzaponda matope ndi kunyamula mabuloko.

Bamboyo sanavomere tsiku lomwelo. Anati aganiza. Patapita masiku anaimbira foni mwanayo kumufunsa mtengo wa simenti ku Kamwala, ndiponso ngati abwana ake angawachotsereko pang'ono akagula matumba ambiri. Za galimoto sanazitchulenso, ndipo mpaka lero sananenepo kuti mwanayo ananena zoona. Mapepala a nyumba adakali m'sutikesi ya amayi, lendi ya zipinda zokonzedwazo inakwera pang'ono, ndipo mwanayo akusonkha chilimba ndi anzake a kuntchito kuti adzagule galimoto yake.