MPINI WOKANIRIRA

Ana inu, ena a inu munaona mlonda pakhomo la banki mu Lusaka alikuyendetsa kandodo kakuda pa thupi la munthu wolowa. Kandodoko kakafika pa thumba muli makiyi, kalira. Amenewo ndiwo makina ozindikira citsulo. Alipo ena akulu a mtundu womwewo amene afuna citsulo cokwiririka m'nthaka. Iwo ali ndi mbale kunsi kwace ndi mpini wautali wogwirira. M'kati mwa mbaleyo muli waya wokulungidwa. Moto wa batire upita m'wayamo, nutumiza mphamvu ya maginito m'dothi. Mphamvuyo ikakomana ndi citsulo, makina alira.

Makina otere anapulumutsa anthu ambiri. Msilikali wina wa ku Poland, dzina lace Józef Kosacki, anapanga makina ofunira mabomba okwirira pansi m'caka ca 1941, ndipo anagwira nchito pa nkhondo ya ku El Alamein, m'dziko la Egypt, m'caka ca 1942. Kuno kwathu mabomba otere anatsala m'malire pa nyengo ya nkhondo za ufulu wa maiko oyandikana nafe. Dziko la Zambia linalengeza m'caka ca 2009 kuti linalibenso malo odziwika a mabombawo, ndipo dziko la Mozambique, kumene kuli abale athu a ku Tete, linatero m'caka ca 2015.

Tsono taonani mpini wa makinawa. Suli mtengo umodzi monga wa khasu iai. Ndiwo mapaipi awiri kapena atatu, ina yolowa m'inzace, monga mpini wa ambulera wopinda. Munthu wamtali autalikitsa, wamfupi naufupikitsa, ndipo aumanga ndi mphete imene iri pa mfundo. Kawiri kawiri paipi ya kumwamba ndiyo ya aluminiyamu, citsulo copepuka ca mapoto athu. Ya kunsi ndiyo ya pulasitiki, kuti makina asalire cifukwa ca mpini wace womwe. Mapaipiwa akakanirira ali pafupi, mwini ayenera kuwerama tsiku lonse, natopa msanga. Munthu wotopa saona bwino pamene aponda.

Nanga cikaniriritsa mapaipi nciani? Zinthu ziripo ziwiri. Coyamba ndico mcenga ndi matope. Pakati pa mapaipi awiri pali mpata waung'ono ndithu. Matope alowamo ali ofewa, nauma, nagwira monga simenti. Caciwiri ndico dzimbiri. Madzi ndi mpweya zidya citsulo, ndipo dzimbiri lifuna malo akulu koposa citsulo cimene linacokerako. Cotero litupa, nilidzaza mpata wonse. Pa aluminiyamu dzimbiri silifiira, koma lioneka ngati ufa woyera.

Munthu wosaleza mtima atenga nyundo kapena pulayala. Pamenepo paipi iphwanyika m'mbali, ndipo paipi yophwanyika siitulukanso. Koma wanzeru acita motere. Poyamba acotsa batire ndi kumasula waya ndi mphete. Atatero aviika mfundoyo m'madzi ofunda a sopo kwa nthawi, kuti matope afewe; asamala kuti madzi asafike m'kabokosi ka makina. Pamenepo aitana mnzace. Wina agwira paipi ya kunja, wina ya m'kati, atakulunga mpira wa cubu cakale ca njinga m'manja kuti asaterereke. Apotoza pang'ono kumanja, pang'ono kumanzere, osakoka ndi mphamvu. Ikakanabe, athira madzi otentha pa paipi ya kunja yokha, pakuti citsulo cikatentha cikula, ndipo mpata utseguka. Moto weni weni sauyandikizako, cifukwa usungunula pulasitiki.

Kapena mudzati, "Aphunzitsi, ife tiribe makina otere kwathu." Nzoona, koma bvuto lomwelo liri pakhomo panu. Ganizani za njinga ya atate anu, imene anyamulira makala kapena ndiwo kunka ku msika wa ku Matero kapena wa ku Mtendere. Cishalo cace cikhala pa paipi yolowa m'thupi la njinga. Ku Kanyama, kumene dziko liri lathyathyathya ndi mwala uli pafupi pansi, madzi a dzinja sacoka msanga, ndipo njinga iyenda m'madzi ndi m'matope masiku ambiri. Pofika mwezi wa Epulo paipi ya cishalo yagwidwa ndi dzimbiri. Akaithyola pokhoma, njinga ikhala pansi, ndi ufa usowa m'nyumba.

Mankhwala a dzimbiri ndiwo palafini. Mudonthezere pa mfundo madzulo, muleke kufikira m'mawa, ndipo mubwereze masiku awiri kapena atatu. Palafini ayenda yekha m'mipata imene diso silingaione. Atalowa, gwirani cishalo ndi manja awiri, nimucipotoze uku ndi uku. Musacite ici pafupi ndi mbaula kapena nyali.

Koma cenjerani ndi cinthu cimodzi. Zitsulo zonse sizikula mofanana. Aluminiyamu akatentha akula ngati kawiri kuposa citsulo ca njinga. Cifukwa cace ngati paipi ya cishalo iri ya aluminiyamu, ndi thupi la njinga liri lacitsulo, kutenthetsa zonse pamodzi kulimbitsa mfundo koposa kale. Pamenepo nkwabwino kuziziritsa paipi ya m'kati ndi madzi oundana, kuti icepe. Yambani mwafunsa kuti, "Ca kunja nciti, ca m'kati nciti?"

Coposa zonsezi ndico kusamala cisanafike cobvuta. Mwini makina asolola mapaipi ace atatha nchito, nawatsuka, nawaumitsa. Sapakapo mafuta ambiri, cifukwa mafuta agwira mcenga. Mwini njinga acotsa cishalo mvula isanayambe, napaka girisi pang'ono pa paipi. Makolo athu anati, "Kuona maso a nkhono nkudekha." Momwemonso citsulo cimvera munthu wodekha.

MAFUNSO

1. Chulani zinthu ziwiri zokaniriritsa mapaipi.
2. Cifukwa ninji tithira madzi otentha pa paipi ya kunja yokha?
3. Mwini njinga ayenera kucita ciani mvula isanayambe?