Chinsinsi cha Kabango Kolira

Kodi munaonapo mwana akuliza tsamba la udzu pakati pa zala? Zitoliro monga mizmar wa ku Egypt ndi saxophone, amene adapangidwa ndi Adolphe Sax m'ma 1840, zimalira mwanjira yomweyo.

Kukamwa kwa chitoliro kumakhala kabango kosemedwa mopyapyala. Woimba akauzira, kabangoko kamanjenjemera, kumatseka ndi kutsegula njira ya mpweya. Pa mau otchedwa A, kamatero maulendo 440 pa sekondi imodzi. Liwiroli limadalira kutalika kwa mpweya wa m'chitoliromo. Woimba akatseka mabowo, mpweyawo umatalika ndipo mau amatsika. Akatsegula, umafupika ndipo mau amakwera.

Koma kabangoko kakauma, ngakhale katswiri amachita nako manyazi. Nchifukwa chake asanaimbe amayamba wakanyowetsa.