Kuonera Kanema Pagulu ku Phalombe

Pamene Television Malawi inayamba kuulutsa mapulogalamu mu 1999, patangopita chaka chimodzi boma la Phalombe litapatulidwa ku Mulanje, mabanja ochepa okha m'derali ndiwo akanatha kukhala ndi wailesi ya kanema, popeza magetsi anali asanafike m'midzi yambiri. Motero kuonera kunakhazikika m'mavidiyo sho, omwe ndi tinyumba ta m'misika monga Migowi ndi Chiringa, momwe munthu amalipira pakhomo kuti aonere filimu kapena mpira wa Premier League. M'menemo ochemerera Arsenal ndi Manchester United amapanikizana pa benchi limodzi, amazomana mopanda chidani, ndipo mkangano wa chigoli umapitirira mpaka mawa lake pamsika, ngakhale kuti amayi, omwe nthawi ya mpira imawapeza akuphika, sapezekamo kawirikawiri.