Ntchito Yeniyeni Siigulidwa

Kuno ku Ngabu tikudziwa mmene moyo umawawira thonje likakanika kapena madzi akakokolola minda, monga zinachitikira mu 2015 ndiponso pa namondwe wa Freddy mu 2023. Nthawi zotere ana athu amafunafuna ntchito kulikonse. Anthu achinyengo amadziwa zimenezi, ndipo ndi pomwe amatchera misampha yao.

Makolo athu ankapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, kenaka ku TEBA, mpaka 1988. Ntchitoyo inali yowawa, komabe ofesi yolemba anthu inkadziwika ndipo dzina la munthu linkalowa m'kaundula. Lero ntchito akuilengeza pa foni, pa WhatsApp ndi pa Facebook anthu amene sitinawaonepo nkhope.

Misampha iwiri

Woyamba ndi wotibera ndalama. Uthenga umafika wakuti mwasankhidwa pa ntchito kukampani yodziwika kapena kubungwe lothandiza anthu, koma muyambe mwatumiza ndalama ya fomu pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Banja limagulitsa mbuzi, ndalama nkutumiza. Mawa lake nambala ija siipezekanso.

Wachiwiri ndi woopsa koposa, chifukwa chogulitsidwa ndi munthu. Mu 2024 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anawalonjeza ntchito zabwino kunja, koma anakapezeka ali m'nyumba za anthu ku Oman. Atafika anawalanda mapasipoti. Ankagwira ntchito usana ndi usiku, ena ankamenyedwa ndi kugwiriridwa, ndipo sakanatha kuchoka popanda chilolezo cha bwana. Amayi opitirira 50 anabwerera kumudzi atathandizidwa. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tingazindikire bwanji chinyengo?

1. Akufuna ndalama ntchito musanayambe. Wolemba ntchito ndiye amalipira wantchito, osati wantchito kulipira bwana.
2. Akuti mwapambana pa ntchito imene simunafunsire, kapena popanda kukuyesani mafunso.
3. Malipiro ake ndi aakulu kosayenerana ndi ntchitoyo.
4. Akukufulumizitsani kuti malo atha lero, ndiponso akuti musauze aliyense.
5. Alibe ofesi yoti mungapiteko, ndipo akukana kupereka kalata ya mgwirizano wa ntchito.
6. Akufuna kukusungirani chiphaso cha unzika kapena pasipoti.

Tisaiwale kuti wonyenga nthawi zina amakhala mnansi kapena mnzathu wa pamudzi pomwe pano.

Tichite chiyani?

Safunsa anadya phula. Ngati atchula kampani ya ku Nchalo kapena ku Blantyre, tipite tokha kuofesi yake tikafunse. Ndalama ya minibasi ndi yochepa poyerekeza ndi mbuzi. Ngati ntchito ndi ya kunja, tiyambe tafika kuofesi ya zantchito paboma la Chikwawa kapena la Nsanje kuti atiuze ngati wolemba anthuyo ndi wovomerezeka. Kalata ya mgwirizano tiiwerenge pamodzi ndi mphunzitsi kapena wina wodziwa Chingerezi tisanasaine. Wopita kutali asiyire abale keyala ya kumene akupita ndi mapepala ojambula a ziphaso zake.

Tikaberedwa tisakhale chete chifukwa cha manyazi. Wolakwa ndi wonyengayo. Tikanene kupolisi, tiuze amfumu, tichenjezenso anzathu kumphakati. Lamulo loletsa kugulitsa anthu la 2015 limati wopezeka wolakwa akhoza kukhala kundende zaka 14, ndipo ngati wagulitsa mwana, zaka 21.

Ife makolo tisamakankhire ana athu paulendo chifukwa cha njala ya chaka chimodzi. Munda wokokoloka timaulimanso, koma mwana akatayika kudziko lachilendo, kumubweza nkovuta.

Mafunso okambirana

1. Kodi m'mudzi mwathu munafikapo uthenga wa ntchito wofuna ndalama? Anthu anachita chiyani?
2. Mwana wathu atatiuza kuti wapeza ntchito kunja, tingamufunse mafunso ati asananyamuke?