Petulo ankapita kuti pa Peugeot ya agogo?

Kwathu ku Area 36 poloti ndi yaing'ono, moti kuchokera pomwe amayi amakolezera mbaula kukafika pomwe pamagona galimoto ndi masitepe anayi basi. Galimotoyo ndi Peugeot 504 ya pikapu, yoyera koma yoyamba kuchita chikasu, yomwe agogo aamuna anatisiyira zaka zitatu zapitazo. Kuyambira ndili mwana imanunkha petulo, ndipo tonse tinkati ndi mmene galimoto zakale zimanunkhira. Fungolo tinalizolowera ngati la utsi wa makala.

Chomwe sitinachizolowere ndi kusowa kwa petuloyo. Inu amene munakhalapo pa mzere wa mafuta mukudziwa mtengo weniweni wa malita khumi: kudzuka folo koloko, kupsa ndi dzuwa, kenako kumva kuti tsalani athera pa galimoto ya kutsogolo kwanu. Ine ndinawapeza malitawo Lachiwiri. Galimoto sinachoke pakhomo mpaka Loweruka, koma nditatembenuza kiyi, muvi wa geji unali utatsika ndithu.

Mlandu unagwera mng'ono wanga, wa Fomu 4. Ali ndi anzake a njinga zamoto za kabaza, ndiye mutu mwanga masamu anali atatheka kale. Ndinamufunsa pamaso pa amayi, mawu ake osakhala bwino. Iye anangoti, "Achimwene, ndiye mwandiyesa wakuba?" n'kutuluka. Masiku awiri sitinayankhulane. Amalume atamva nkhaniyi anapezerapo mpata wobwereza zomwe akhala akunena chimwalirire agogo, zoti chigalimotocho chigulitsidwe kwa anyamata a zitsulo zakale chisanatidanitse. Amayi salola. Amati pikapu imeneyi ndi yomwe inkanyamula mabelo a fodya kupita ku okushoni ku Kanengo, ndi yomwenso inawathamangitsira ku Bwaila usiku womwe ndinabadwa ine.

Sikuti amayi akungokakamira chitsulo chachabechabe. Peugeot 504 inatuluka ku France m'chaka cha 1968, ndipo mu 1969 inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ya chaka ku Ulaya. Mu 1975 inapambana mpikisano wa Safari Rally ku Kenya, m'misewu ya matope ndi fumbi ngati yathuyi. Ku Ulaya atasiya kuipanga, ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuilumikiza mpaka m'zaka za m'ma 2000. Mulibe kompyuta, mulibe masensa. Munthu wa sipanala ndi makutu abwino amaikonza pansi pa mtengo wa mango.

Munthu wotero tinali naye, bambo ena achikulire omwe ankaikonzera agogo kalelo. Atafika sanatsegule n'komwe boneti. Anapempha katoni, n'kuiyala pansi pa galimoto chakumbuyo, kenako anakhala pa benchi kumamwa tiyi ngati abwera kudzacheza. Patatha mphindi makumi awiri anaikoka. Panali kadontho konyowa, kukula kwake ngati chivindikiro cha botolo.

"Wakuba wanu ndi uyu," anatero. "Masana simungamuone, petulo amauma asanafike n'komwe pa dothi. Mayi, mbaula ija muyambe mwaichotsa."

Amayi anainyamula osafunsa kawiri.

Apa ndi pomwe ndinaphunzira njira yomwe mafuta amayenda. Amachoka mu thanki kumbuyo, n'kulowa m'kapaipi kakafupi ka labala, kenako m'paipi yachitsulo yomwe imadutsa pansi pa galimoto mpaka kutsogolo. Kumeneko labala wina amawapititsa ku fyuluta, ku pampu, mpaka mu kabureta momwe amasakanikirana ndi mpweya. Labala amaikidwa m'malo ogwedera chifukwa injini imanjenjemera, ndipo chitsulo chokhachokha chikhoza kuthyoka. Bambo aja anandiuza kuti ndigwire kapaipi ka ku thanki. Kanali kouma ngati chikuni. Atakapinda pang'ono, ming'alu inatseguka ngati chidendene cha m'chilimwe, ndipo chala changa chinanyowa.

Ukalamba ndi chifukwa choyamba, koma chilipo china chomwe ndinakachiwerenga usiku pa foni. Petulo wa kuno si petulo yekha. Dziko la Malawi linayamba kusakaniza petulo ndi ethanol mu 1982, pomwe fakitale ya ETHCO inatsegulidwa ku Dwangwa, ndipo mu 2004 PressCane inayambanso ku Chikwawa. Ethanol ameneyu amachokera ku manyuchi otsala popanga shuga wa nzimbe, ndipo amatithandiza kuchepetsa mafuta ogula kunja ndi ndalama zakunja zomwe tilibe. Vuto ndi lakuti labala wa mapaipi akale sanapangidwire zimenezi. Ethanol amamudya kuyambira mkati, mwina kumufewetsa, mwina kumuumitsa, ndipo tizidutswa tonyotsoka timakatseka fyuluta ndi timabowo ta kabureta. Amakokanso chinyezi, ndiye galimoto yongokhala ngati yathuyi imachita dzimbiri mu thanki ndi m'paipi yachitsulo. Kunja paipi ikhoza kuoneka yabwinobwino mkati itatha.

Mawa lake ndinapita kukasaka paipi yatsopano, nditatenga kachidutswa ka yakale m'thumba kuti ndikayeze kukula kwa bowo. Apa samalani, anzanga. Pa shopu ina mnyamata anandikokera paipi yapulasitiki yoonekera mkati, ija amayezera nayo levulo amisiri omanga nyumba, n'kunena kuti, "Iyi imagwira, biggie, ambiri amatenga yomweyi." Imagwiradi, kwa miyezi yowerengeka, kenako imauma n'kusweka pafupi ndi injini yotentha. Paipi yeniyeni ya mafuta ndi yakuda, ili ndi ulusi wolukidwa mkati mwa labala, ndipo pathupi pake pamalembedwa. Mukaona SAE J30 R6 kapena R7, imeneyo ndi ya mafuta oyenda mosapanikizika kwambiri ngati a kabureta. Ya R9 ndi yolimba kuposa apo, ndipo imapirira bwino ethanol. Ndinazungulira mashopu a ku Biwi Triangle mpaka ndinaipeza ya R9. Inali yodula kuposa zinazo, komabe sinafike pa ndalama ya petulo yemwe anali atapita kale m'dothi.

Ntchito tinaigwira Lamlungu masana titabwera ku tchalitchi. Bambo aja anayamba ndi kumasula waya wa negetivu pa batire. Anatituma kudzaza ndowa ndi mchenga, ati moto wa petulo ukauthira madzi umangoyandama n'kufalikira. Foni yanga anailoza ndi sipanala, ndinakaisiya m'nyumba. Anakananso kulowa pansi galimoto itadalira jeki yokha, anaika zogwirizira zachitsulo ndi miyala kumatayala. Petulo wotsala tinamukhuthulira m'chigubu kudzera m'paipi yakaleyo, popanda woyamwa ndi pakamwa.

Ine anandipatsa sikuludilaiva kuti ndimasule makilampu. Awiri anamasuka, lachitatu silinali kilampu ayi koma waya wopotokola, ntchito ya agogo enieniwo, mwina tsiku lina panjira ya ku Mitundu dzuwa likulowa. Wayayo anali atadula labala mpaka kufika pa ulusi. Ndinaseka, amayi sanaseke. Anautenga wayawo n'kuuika m'thumba la chitenje.

Nthawi yambiri inathera pa paipi yachitsulo. Ankaipukuta matope chikhatho ndi chikhatho, akuyang'ana makamaka pomwe yagwidwa ndi tizitsulo toimangirira ku chasisi, chifukwa ndi pomwe madzi amabisala. Pena panali dzimbiri la pamwamba lomwe linachoka ndi sandipepala. Akanapeza pobooka, akuti akanasintha yonse, kumata ndi guluu kapena kuveka labala pamwamba sakhulupirira. Anaipopa mpweya ndi pampu ya njinga, kutsogolo kunatuluka tinyenyeswa takuda. Kenako tinadula labala watsopano ndi mpeni wakuthwa, molunjika, motalikirapo pang'ono kuti asakokeke injini ikagwedera, koma osapindika. Fyuluta yatsopano ili ndi kamuvi, kayenera kuloza ku injini. Ine ndinaiika chozondotsa, anangondiyang'ana mpaka ndinazindikira ndekha. Makilampu anati ndimange mpaka paipi isiye kuzungulira ndi dzanja, osapitirira apo. Chomaliza anaonetsetsa kuti palibe pomwe labala wayandikira ekizozi kapena pomwe akukhuzana ndi chitsulo chakuthwa.

Polizitsa, injini inazungulira nthawi yaitali osagwira, mtima wanga n'kuyamba kuthamanga. Bambo aja anali phee. Pampu ya galimoto zimenezi si yamagetsi, imakankhidwa ndi injini yomweyo, ndiye imayenera kukoka mafuta kuchokera kumbuyo m'paipi yopanda kanthu. Kachitatu tinaona petulo akukwera mu fyuluta, injini inatsokomola kawiri n'kuyamba kulira. Anaisiya ikulira, akudutsitsa kapepala koyera polumikizira paliponse. Kanatuluka kouma. Anandiuza kuti pakatha sabata ndidzamangenso makilampu pang'ono, labala watsopano amakhazikika, ndiponso kuti chaka chilichonse mvula isanayambe ndizipinda mapaipiwo ndi zala kuona ngati ayamba kuuma.

Usiku ndinayala katoni ina. Kutacha inali youma, ndipo pakhomo pankamveka fungo la makala okha. Ndinatenga kapaipi kakale kaja n'kupita nako kuchipinda kwa mng'ono wanga. Anakapinda, anaona ming'alu, n'kundibwezera.

"Ndiye mukawauzenso amalume," anatero, "poti nkhani ija munaifikitsa mpaka kumeneko."

Ndinawaimbira tsiku lomwelo, iye ali pomwepo akumvetsera. Amalume anapepesa za mnyamatayo, koma za galimoto sanasinthe maganizo, akuti mapaipi a mabuleki ndi a msinkhu womwewo ndipo nkhaniyi tidzaikamba pa Khirisimasi. Pa mabulekipo sakunama. Bambo aja abweranso Loweruka, ndipo mng'ono wanga wati sikuludilaiva agwira ndi iyeyo.