Ntchito ikatha ku mgodi wa malasha: zoyenera kuteteza pa miyezi yodikira

Anthu a ku Moatize anaona kale kuti ntchito ya malasha imabwera n'kupita. Kampani ya Vale inayamba kukumba malasha kumeneko mu 2011, ndipo anyamata ambiri a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga anatsikira ku Tete kukasaka ntchito. Mtengo wa malasha utagwa, Rio Tinto inagulitsa mgodi wa Benga mu 2014 pa madola 50 miliyoni okha, itawononga mabiliyoni pougula zaka zitatu m'mbuyomo. Mu 2022 Vale nayo inachoka n'kusiyira Vulcan. Zinthu zikamasintha chonchi, oyamba kuuzidwa kuti kontrakiti yatha nthawi zambiri amakhala a m'makampani ang'onoang'ono otumikira mgodi: madalaivala, alonda, ophika, owotcherera zitsulo.

Kusowa kwa malipiro aliyense amakuona. Chimene chimabisika ndi momwe miyezi yodikira ntchito ina imadyera thupi ndi maganizo a munthu, mpaka mwayi ukadzapezeka iye n'kukhala wosathanso kuugwira.

Sabata yoyamba ndi ya mapepala. Lamulo la ntchito, Lei 13/2023, limakakamiza bwana kupereka certificado de trabalho, kalata yosonyeza nthawi imene munthu wagwira ndi udindo umene anali nawo. Ambiri amachoka atakwiya osaitenga, n'kudzaifuna kampani itasamuka. Amene akuona kuti wachotsedwa mosatsata lamulo, kapena sanalandire ndalama zake zonse, akhoza kukadandaula ku COMAL, bungwe loyanjanitsa antchito ndi mabwana awo, ndipo si bwino kuchedwa. Ku INSS kulibe ndalama zothandizira munthu chifukwa chakuti ntchito yamuthera, koma miyezi imene anapereka siifafanizika. Penshoni yonse ya ukalamba imafuna miyezi 240, ndipo pali njira yotchedwa manutenção voluntária yolola munthu kupitiriza kupereka yekha.

Za thupi zimayamba kusokonekera mwakachetechete. Wantchito amene ankayezedwa ku kiliniki ya kampani amasiya kuyezetsa BP ndi shuga, poganiza kuti chisamaliro chinapita limodzi ndi khadi la kuntchito. Choopsa kwambiri ndi kudumphitsa ma ARV. Munthu akabwerera kwawo ku Ulónguè kapena ku Furancungo osatenga kalata yosamutsira ku chipatala cha kumeneko, amatha milungu osamwa, mwina chifukwa cha manyazi kuti achibale angadziwe. Mankhwalawa ndi aulere m'zipatala za boma, kaya munthu ali pa ntchito kaya ayi. Ndipo njira yochepetsera ndalama zoyendera inabadwira m'chigawo chomwe chino: magulu a GAAC anayamba ku Tete mu 2008, anthu osaposa asanu ndi mmodzi n'kumasinthana kupita kukatengera anzawo mankhwala.

Za maganizo ndiye zovuta kuzikamba. Bambo amene ankatumiza ndalama kumudzi mwezi uliwonse, amene anakhomera amayi ake malata, sakhala ndi mawu ouzira mkazi wake kuti zatha. Ena amadzukabe m'mamawa, kuvala, n'kukatha tsiku pa baraka kuti anthu asazindikire. Kachasu amabweretsa tulo usiku woyamba, koma tulo take timakhala toduka, ndipo pa kutentha kwa Tete m'mwezi wa Okutobala, kumene kumapitirira madigiri 40, mowa umaumitsa thupi msanga. Ndalama yotsazikira ntchito, imene ikanagula mbewu kapena makina owotcherera, imathera pamenepo. Kuuza a m'nyumba zoona tsiku loyamba kumapweteka, komabe kumapatsa banja mpata wowerengera limodzi lendi, fizi ndi xitique ngongole zisanakule.

Kukhumudwa kwa masiku angapo si matenda. Zimakhala zina ngati padutsa milungu iwiri kapena kuposerapo munthu osagona, osafuna kudya, osakondwa ndi chilichonse, kapena akuyankhula zoti kuli bwino atafa. Mawu oterowo si opepusa, ndipo wowamva asamusiye yekha mnzakeyo. M'zipatala za m'maboma muli matekiniko a psiquiatria, ophunzitsidwa kuthandiza nkhawa, kukhumudwa ndi vuto la mowa. Ambiri amaopa khomo limenelo poganiza kuti ndi la amisala okha, pomwe olowapo ambiri amangocheza ndi dokotala, kulandira chithandizo, n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo.

Chothandiza china n'chosaoneka ngati mankhwala: kukhala ndi chodzukira. Kulembetsa dzina ku INEP, kumene amalemba ofuna ntchito, kapena kufunsa za maphunziro aafupi a zamagetsi, zomangamanga ndi zokonza magalimoto ku IFPELAC, kumapatsa sabata dongosolo ngakhale ntchito isanapezeke. Amene ali ndi munda kumtunda ku Tsangano asauone ngati chizindikiro chakuti walephera. Kachewere wa kumeneko ali ndi msika mumzinda wa Tete, ndipo dalaivala wodziwa mseu ndi mitengo ya ku Kwachena amayamba malondawo ali ndi chimene alimi anzake ambiri alibe.