Kudziwa pulasitiki wa matumba a PICS

Matumba a PICS amasunga chimanga, nyemba ndi khobwe popanda kuthira mankhwala. Anapangidwa ndi akatswiri a pa yunivesite ya Purdue ku America, ndipo poyamba ankasungiramo khobwe kumadzulo kwa Africa. Mphamvu yake yagona pa mitundu iwiri ya pulasitiki, ndipo mlimi akaidziwa bwino sataya zokolola.

Matumba awiri a mkati

Awa ndi a pulasitiki wosalala wotchedwa polyethylene. Salola mpweya kapena chinyezi kudutsa mosavuta, ndipo sachita dzimbiri ngati chitsulo. Thumba likamangidwa, anankafumbwe amamaliza mpweya wotsalamo, amasiya kudya ndi kuswana, kenaka amafa.

Thumba lakunja

Ili ndi la pulasitiki wolukidwa wotchedwa polypropylene, ngati wa matumba a feteleza. Ndi lolimba ponyamula, koma mpweya umadutsa. Ntchito yake ndi kuteteza a mkatiwo kuti asang'ambike.

Kufooka kwa pulasitikiyu

Amabooka msanga ndi zinthu zosongoka, makoswe amamudya, amasungunuka ndi moto, ndipo akakhalitsa padzuwa amauma n'kuyamba kung'aluka. Kabowo kamodzi kokha kamalowetsa mpweya, anankafumbwe n'kuyambiranso kufumbwitsa chimanga.

Zoyenera kuchita

1. Umitsani chimanga mpaka chinyezi chifike pa 13 peresenti kapena kucheperapo. Chimanga chosauma chimachita nkhungu chifukwa chinyezi sichituluka m'thumbamo. Poyesa, ikani chimanga ndi mchere wouma m'botolo louma, tsekani ndi kukhutchumula. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, pitirizani kuyanika.
2. Petani bwino kuti muchotse zitsononkho, timitengo ndi timiyala.
3. Musanathire mbewu, kolani mpweya m'thumba lililonse la mkati ndi kulifinya. Mpweya ukamatuluka, thumbalo ndi lobooka.
4. Mukathira mbewu, finyani mpweya wonse, potokolani kukamwa kwa thumba, ndipo mangani lililonse palokha kuyambira lamkati.
5. Sanjani matumba pa thandala m'chipinda chopanda dzuwa, motalikirana ndi khoma ndiponso moto.
6. Musabaye thumba ndi chitsulo poona mbewu, ndipo musamalitsegule pafupipafupi.

Thumba losamalidwa bwino limagwira ntchito kwa zaka zingapo. La mkati likabooka musasungiremonso mbewu. Kuti mudziwe komwe mungagule matumba enieni a PICS, funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu.